Paykan ya a Hushang Pamzere wa Utsi

Mukakumana ndi a Hushang Sabeti pakhomo la sitolo, mumatha kuima pomwepo mpaka miyendo kuwawa. Tonse kuno ku Tehran timapatsana ulemu wotero: wina ati "tsogolani", mnzake ati "ayi, tsogolani inu", kenako mmodzi n'kulowa, nkhani yatha. Ndi mawu chabe, ndipo aliyense amadziwa. Koma a Hushang ankanena zochokera pansi pa mtima. Zaka zonse zimene anakhala akukonza makina osokera m'kashopu kawo ka kudera la Shush, palibe amene anawaonapo akulowa poyamba pakhomo lililonse, ngakhale la nyumba yawo yomwe.

Galimoto yawo inali Paykan yoyera. Anaigula chaka chimene anakwatira mayi Puran, ndipo chiigulireni panalibe makaniko amene anaikhudzapo. Munthu wozolowera tizitsulo ta makina osokera saopa kabuleta. Lachisanu m'mawa, anzawo akugona tulo topumira ntchito, iwo ankatsegula boneti n'kuyamba kucheza ndi kasikulu kamodzi ka pa kabuletayo kamene kamalamula kuchuluka kwa petulo wosakanikirana ndi mpweya. Ukakamasula kwambiri, galimoto imadya monona n'kumatulutsa utsi woyabwa m'maso. Ukakamanga kwambiri, imatsokomola n'kukuzimira pamaloboti. A Hushang ankakapotoza pang'onopang'ono, khutu lili pa injini, kenako n'kuzungulira kumbuyo kukanunkhiza ku ekizosi ngati munthu wolawa mchere m'ndiwo.

Ndiye chinawadabwitsa kwambiri pamene Paykan ija inalephera mayeso a utsi nyengo ina yozizira. Popanda pepala la mayesowo galimoto siyenda mumsewu, makamera amaiona. Mnyamata woyeza analowetsa kapaipi kake ku ekizosi, n'kuyang'ana pa kompyuta, n'kufunsa ngati agogo akuwotcha nyama ya kebabu mkatimo. A Hushang anaseka nawo, chifukwa kusaseka kukanamuchititsa manyazi mnyamatayo. Anabwerera kunyumba, anatsuka kabuleta, anasintha mapulagi, anamanga kasikulu kaja pang'ono. Atapitanso, inalepheranso.

Mwana wawo Siavash anali atayamba kale kuwanyengerera kuti galimotoyo ipite kokaphwanyidwa, iye awapezere ina yamakono. Anainenanso nkhaniyo pa chakudya, alendo ali pomwepo, ndipo a Hushang, posafuna kutsutsana ndi mwana pamaso pa anthu, anangoti ikalepheranso aitenge. Atangotero anadziwa kuti adzimanga okha, pakuti iwo mawu akatuluka sabwezanso.

Koma chimene chinkawasowetsa mtendere kwenikweni chinali chidwi. Kunyumba galimotoyo inali bwinobwino. Pulagi ukaitulutsa inali yofiirira bwino, yopanda mwaye. Utsi wake sunkaluma. Nanga bwanji ikafika pamaso pa kompyuta ija inkasanduka ngati ng'anjo ya makala? Anaganizira petulo wa pa siteshoni ya pakona. Anaganizira kapaipi ka mnyamata uja, kenako anadzidzudzula poganizira mwana wa eni zoipa. Anafika mpaka pomangirira mpango woyera wa mayi Puran ku ekizosi kuti aone ngati ungade, ndipo chimene anapezapo ndi mkangano basi.

Yankho linabwera m'mawa wina akupita kukagula buledi. Anakoka choki, kachitsulo kowonjezera petulo injini ikakhala yozizira, analiza injini, ndipo mayi Puran, amene ankayanika zovala pabwalo, anadandaula kuti mashati onse anunkha petulo. Pobwerako ndi buledi wotentha anaimika galimoto pamalo omwewo, injini ikulira, koma mayi aja sanatchulenso za fungo. A Hushang anafunsa ngati akumvabe kanthu. Mayiwo anati ayi, imanunkha ikangodzuka kumene, ikafunda imasiya, monga eni ake.

A Hushang anakhalabe m'galimotomo, buledi ali pamiyendo, n'kuyamba kukumbukira mmene ankachitira pamzere wa kumayeso. Mzere wake ndi wautali, ndipo iwo ankaona kuti n'kupanda ulemu kufukizira utsi anthu a kumbuyo. Choncho ankazimitsa injini, mzere ukasuntha n'kutsika kukankha galimoto ndi phewa. Komanso aliyense wooneka wofulumira ankamuuza kuti atsogole. Pakhomo la sitolo munthu amayamba wakana, koma pamzere wa magalimoto ulemu umenewo anthu amausiya kunyumba. Ankangoti zikomo n'kudutsa. Pofika nthawi yawo, injini inali itazizira ndi mphepo yochokera kumapiri, moti ankachita kukoka choki kuti ilire, n'kulowa nayo m'chipinda choyezera ikumeza petulo wosapsa.

Atawafotokozera mayi Puran, mayiwo anaseka mpaka kukhala pansi pa sitepe. Anati chifundo chinapha nkhwali, ndipo ulendo uno apita nawo kuti akalondere kiyi.

Linali tsiku lomaliza lololedwa kubwereza mayeso. Anayamba athamangitsa galimoto mumsewu waukulu mpaka singano ya kutentha itafika pakati, kenako anakaima pamzere injini ikulira. Kwa a Hushang imeneyo inali ntchito yowawa kuposa kukankha. Dalaivala wa kumbuyo kwawo anatulutsa mutu n'kufunsa ngati akufuna anthu onse afere limodzi ndi chiphaphacho. Dzanja la a Hushang linkapita lokha ku kiyi, ndipo nthawi iliyonse linkapezako dzanja la mayi Puran.

"Hushang agha, bambo inu, yang'anani kutsogolo," anatero mayiwo. "Munthu ameneyo simudzamuonanso."

Atatsala pang'ono kufika pakhomo, mlonda wa pamalopo anayenda m'mbali mwa mzere akulengeza kuti ilowa imodzi yokha, kenako oyeza akupita kokapemphera ndi kukadya. Otsala onse azimitse injini, chifukwa pansi pa denga la pamzerepo salola utsi nthawi yopuma. Imodzi yokhayo inali ya a Hushang.

Apa m'pamene panabwera nkhalamba ina yotsimphina, yachipewa chaubweya, kuchokera pa kalole kodzaza mabokosi a malalanje. Inawerama pawindo n'kuika dzanja pa chitseko. Inati yachokera kunja kwa mzinda, ku Varamin, malalanjewo akudikiridwa kumsika, ndipo bondo lake silingapirire kukhala maola ena awiri pamphepo.

"M'bale wanga, ndiloleni ndidutse. Mulungu akusungireni ana anu."

Mayi Puran anachotsa dzanja lawo pa kiyi. Zoona zake n'zakuti nawonso anamva chisoni. A Hushang anaona singano ija ili pakati penipeni. Ankadziwa kuti akalola, injini izizira, ndipo madzulo Siavash abwera kudzatenga makiyi. Mawu oti "tsogolani" anali kale pamilomo, monga anakhalira moyo wawo wonse. Anayang'ana nkhalambayo, anayang'ananso kutsogolo. Kenako anagwira chopukusira windo n'kuyamba kukweza galasi. Galasi la Paykan limakwera pang'onopang'ono, likulira, moti nkhalambayo inali ndi nthawi yokwanira yochotsa zala zake.

Mkatimo zinthu sizinatenge nthawi. Mnyamata yemwe uja analowetsa kapaipi, anayang'ana pa kompyuta, anapukuta galasi la kompyutayo ndi mkono wa malaya, n'kuyang'ananso. Anafunsa kuti agogo aisintha chiyani. A Hushang anati palibe. Mnyamatayo anaganiza kuti akumubisira dzina la makaniko wawo, ndipo anawapatsa pepala lija akuseka.

Njira yotulukira imadutsa m'mbali mwa mzere womwewo. A Hushang akanatha kuyang'ana kwina, koma sanatero. Nkhalamba ija inali itakhala pa sitepe ya kalole kake, injini itazima, ikusisita bondo. Itaona Paykan yoyera ikudutsa, inaika dzanja pachifuwa n'kuweramitsa mutu pang'ono, monga timachitira tonse kwa munthu amene watichitira zabwino. Ngati kunali kunyoza kapena ulemu weniweni, palibe angadziwe.

Anauyamba ulendo wobwerera kunyumba. Injini inkalira mosalala, ndipo a Hushang ankaimva m'mapazi ndi m'manja. Mayi Puran anathira tiyi kuchokera m'fulasiki n'kuwapatsa pamaloboti, kashuga kouma ngati kamwala kali pachikhatho. Anawauza kuti asadziimbe mlandu, nkhalambayo ilowa masana, malalanje saola tsiku limodzi.

A Hushang anaika kashuga kaja m'kamwa, koma tiyi sanamwe.

"Si zimenezo, Puran. Ndikanakhala kuti ndikumva chisoni chokha, bwenzi zili bwino." Analoza pepala limene linali pamiyendo ya akazi awo. "Koma ine ndasangalala. Pamene ndimakweza galasi paja, ndinali nditayamba kale kusangalala."