Magudumu Akuda Panjira ya ku Molumbo

Mapepala ndili nawo, ndipo wofuna kuwaona abwere masana kukuwala, asambe m'manja. Pali livreti, kabuku kotuwa konena kuti njinga yamoto ija inali yanga. Pali kalata imene ndinalemba ndi dzanja langa yopempha magudumu ku galaji ya boma, ndi yankho lake lokhala ndi karimbo, chidindo chofiirira chimene chinagwa mopendekeka pang'ono. Giya ya ulendowo iliponso, chiphaso chimene popanda icho munthu sankawoloka mlatho masiku a nkhondo aja. Ndayamba ndi mapepala chifukwa mpaka lero pamsika wa Milange pali nkhalamba zimene ndikadutsa zimakodolana, nkumati, "Uyo ankayenda pa magudumu a anthu a m'tchire." Bodza lamkunkhuniza. Magudumu aja sindinabe, ndipo palibe wa mfuti amene anandipatsa.

Mota, monga timaitchulira kuno, ndinaipeza kwa mzungu amene ankayang'anira fakitale ya tiyi kumene ndinali kalaliki. Inali yokalamba kale pamene inabwera m'manja mwanga, koma injini yake inali yokhulupirika. Vuto linali miyendo. Magudumu ake anali olukidwa ndi masipoko, ndipo misewu yathu inkawadya limodzilimodzi. Ukamayenda unkamva kuti thi, nkudziwa kuti lina lapita. M'masitolo munalibe ngakhale singano. Mlamu wanga, mwamuna wa mlongo wanga, amene anali makaniko, anayesa masipoko a njinga yakapalasa, kenako waya wa mpanda, mpaka gudumu lakumbuyo linayamba kuvina ngati munthu wochokera ku kachasu.

Nthawi imeneyo mkazi wanga anali kwa amayi ake, kamudzi ka panjira ya ku Molumbo. Inali mimba yoyamba, mwezi wachisanu ndi chitatu, ndipo mwambo unkafuna kuti akadikirire kwawo. Koma mbiri zinayamba kufika zoti msewuwo utsekeka, zoti midzi ya kumtunda ikupsa, ndipo anthu a m'tauni ankamanga akatundu kuwolokera ku Muloza. Ndinafunika kukamutenga ndi kumuwolotsa malire masiku ake asanakwane. Mayi wapakati sungamukweze pa gudumu lovina.

Chaka cham'mbuyo, alangizi a ulimi wa thonje anali atalandira mota ziwiri zatsopano, zofanana ngati mapasa. Ina inagunda ng'ombe, injini nkusweka, ndipo inangokhala m'galaji ikudya fumbi. Inzake inalandidwa pamsewu ndi anthu a m'tchire, mlangizi wake nkubwerera wapansi atavala kabudula wamkati yekha. Aliyense ankadziwa zimenezi, nanenso ndinkazidziwa. Koma m'mutu mwanga munali masipoko okha, ndipo magudumu a mota yosweka ija analibe sipoko ndi limodzi lomwe. Anali oumbidwa m'chikombole ngati mapoto a kumsika, gudumu lonse chitsulo chimodzi, mikono isanu yokhuthala, yakuda bii. Amenewo ndi amene ndinapempha m'kalata ija, ndipo anandipatsa.

Nditafika nawo kwa mlamu wanga, anawazungulira kawiri akutafuna nzimbe.

"Alamu, mukufuna kuveka agogo nsapato za mtsikana?"

"Zikwana kapena sizikwana?"

"Chilichonse chimakwana ukachipala mokwanira. Ine ndinakwana bwanji kwa mlongo wanu? Anandipala."

"Mwina sanamalize," ndinatero.

"Gwirani apa, akalaliki, manja anu aphunzireko girisi. Cholembera sichithawa."

Tinagwira masiku atatu pansi pa mtengo wa mango. Bowo la pakati pa gudumu latsopano linali lalikulu kuposa chitsulo chakale chimene gudumu limazungulirapo. Mlamu anadula kapaipi ka madzi, nkukapala ndi tupa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kuti kalowe pakati nkudzaza mpatawo. Kumbuyo tcheni inkayenda mopingasa, ndiye tinadula mawashala ku chivundikiro cha mgolo, nkumawonjezera limodzilimodzi. Ine ndinkayeza ndi lula ya ku ofesi, nkulemba. Iye ankakoka chingwe kuchokera ku gudumu lakutsogolo mpaka lakumbuyo, nkutsinzina diso limodzi, ndipo ndiyenera kuvomereza kuti diso lake linkaposa lula yanga. Mabuleki anagwira titatalikitsa kandodo kake. Chimene chinatikanika ndi nthambo ya wotchi yoyeza liwiro, chifukwa pa gudumu latsopano panalibe poilowetsa. Mlamu anaipinda nkuimanga ndi mphira.

"Muvi uwu suzidzukanso," anatero. "Mukafuna kudziwa liwiro, muzifunsa chipewa chanu."

Ndinanyamuka m'mawa, mtambo utakhala paphiri la Tumbine ngati nsalu yoiwalika. Ambulera yanga yaikulu ndinaikoleka kumsana ndi chingwe. Minda ya tiyi inali itasiyidwa, ndipo tiyi amene kale ankafika m'chiuno anali atakula kukhala nkhalango. Pamlatho msilikali wa boma anawerenga giya yanga, kenako anayang'ana magudumu nthawi yaitali. Anandibwezera pepala. Ndinaganiza kuti akusirira.

Ulendo umenewo ndikaukumbukira sindidziwa ngati ndinali maso. Mota sinkanjenjemera, sinkalira thi, inkangoyandama pamsewu wofiira ngati tsamba pamadzi. Muvi wa wotchi unagona pa ziro. Ndikauyang'ana ndinkaona ngati ine ndaima, ndipo mitengo, zulu ndi mapiri ndi zimene zikuyenda kubwerera ku Milange.

Mudzi woyamba ndinaupeza wopanda munthu. Makaka anali atayanikidwa pamphasa, nkhuku zikudya mwaufulu. Pachitsamba panali nsalu imene inkadonthabe madzi. Ndinachepetsa liwiro, ndinaitana, palibe anayankha. Mudzi wachiwiri moto unkafuka pamafuwa, mpando utagwa chagada. Pachitsime chingwe cha ndowa chinkagwedezeka. Mtima unandiuza kuti nkhondo ikuyenda patsogolo panga, pafupi, ndipo ikulowera kumene kuli mkazi wanga. Ndinakoka moto kuti ndiipitirire. Koma ndikathamanga kwambiri, bata linkakhalanso lalitsopano kwambiri. Pamudzi wina ndinapeza njinga yakapalasa ili gone pakati pa njira, gudumu lake likuzungulirabe. Pena munsi unali ukugubuduka kuchoka pamtondo. Ndinadutsa dziko lonse lija ngati munthu wolota kuti wafika mochedwa pamaliro a anthu onse, ndipo panalibe mtembo, panalibe magazi, panalibe nyumba yopsa. Agulugufe oyera okha ndi amene ankadzuka m'matope nkunditsekera njira.

Kwa apongozi ndinafika dzuwa lili pamutu. Chitseko chinali pululu. Chitenje cha mkazi wanga, chobiriwira cha mbalame zachikasu, chinali pachingwe, ndipo kapu yake inali pakhonde, madzi ali theka. Ndinazimitsa injini. Ndinaitana dzina lake kuloza kumunda wa nandolo, ndinaitana kuloza ku nthochi. Mphepo yokha.

Apa ndinachita chinthu chimene ena amaseka, koma ine sindikuchita nacho manyazi. Ndinatulutsa mapepala m'thumba la malaya, ndinaima pakati pa bwalo, nkuwerenga mokweza, m'Chipwitikizi, kuyambira pamutu mpaka pa siginecha. Ndinkati ngati pali wina wondimva, adziwe kuti wabwerayo ndi munthu wa chilungamo. Nandolo anamvetsera mwaulemu.

Ndinapinda mapepala, nkuwabwezera m'thumba. Ndinakhala pansi, kenako ndinagona chammbali pamthunzi wa nkhokwe, tsaya lili pafumbi. Ndili chigonere choncho, maso anga anagwera pa mota. Munthu ukagona pansi suona thanki, suona wokwera. Umaona magudumu basi. Ndinaona mikono isanu yakuda ija itatambasuka, ndipo ndinakumbukira mapasa aja, ndi mlangizi wa kabudula wamkati. Nkhondo imene ndinkaithamangitsa kuyambira m'mawa ndinali ine.

Ndinadzuka, ndinakokera mtondo pafupi, nkukwezapo mimba ya mota. Ndinatenga sipanala. Ntchito ya masiku atatu ndinaimasula pang'onopang'ono kuti wondisuzumira aone chilichonse. Mawashala ndinawaika pa mpango motsatana monga analili. Gudumu lakutsogolo ndinaligubuduza kulowetsa m'chigwembe cha kuseri kwa khola, lakumbuyo nkulitsatira. Kenako ndinakhala pansi, manja pamaondo.

Panapita nthawi. Nandolo anagwedezeka, ndipo apongozi anga aakazi anatuluka. Anaima patali, atatembenukira kumbali monga mwa ulemu wathu, akuyankhula ndi mtengo wa papaya.

"Apongozi, muli nokha?"

"Ndili ndekha, amayi."

"Nanga mwini wake wa miyendo ija mwamusiya kuti?"

"Ndi yanga, amayi. Ndili ndi pepala lake."

"Tamva. Mumawerenga bwino." Anakhosomola. "Ifetu kuno tikamva injini timagwa m'munda, nkumaonera pansi pa mapesi. Ikadutsa yonyezimira ngati ukonde wa kangaude timati ndi abambo a ku tchalitchi kapena ndi inu, timadzuka. Yakuda ija yadutsa kawiri. Ulendo woyamba inatenga mchere ndi mbuzi. Wachiwiri inatenga anthu."

"Koma ndinaitana. Mawu anga simunawamve?"

"Amene anatengedwa aja nawonso anabwera kudzaitana abale awo, mfuti ili kumsana."

Pamenepo mkazi wanga anatulukira, udzu uli m'tsitsi, dzanja limodzi lili m'chiuno, akuyenda ngati bakha. Ankaseka, misozi ikutsika.

"Bambo, inu ndinu wotani? Anzanga onse agona chafufumimba, ine ndagona chammbali ngati dzungu, nyerere zikundiyenda, inu muli pabwalo kuwerengera nkhuku Chipwitikizi!"

Anthu anayamba kutuluka m'munda, m'nthochi, wina m'dzenje la mbatata. Palibe anandikalipira, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kukalipira.

Nditamwa madzi ndinanena kuti ndibwezeretsa magudumu, tinyamuke dzuwa lisanalowe. Ndinafotokoza kuti pa mota ndi maola ochepa, kuti msilikali wa pamlatho wandiona kale, kuti karimbo ndi karimbo. Apongozi anayankha akuyang'anabe papaya.

"Chipolopolo chimadziwa kuwerenga? Pamadooko onse amene mwadutsa, amuna amene anatengeredwa ana awo akunola mikondo panopa, akudikira kuti yakuda ija ibwerere. Mwana wanga sakwera."

Ndinakwiya, ndipo ndikalemba pano mkwiyowo ukubweranso, chifukwa ndinachita zonse mwa dongosolo. Ndinapempha, ndinadikira yankho, ndinayeza ndi lula. Koma mayi uja ankanena zoona, ndipo ndinalibe pepala loti ndimutsutse nalo.

Mota tinaikokera m'nthochi, tinaifunditsa masamba ouma. Sindinaionenso. Anatulutsa njinga yakapalasa ya malemu apongozi aamuna, tinamanga mtsamiro pakaliyala, mkazi wanga nkukhala chammbali. Ine ndinagwira mahandulo nkumakankha. Apongozi ananyamula mtolo pamutu, nkumatitsatira mapazi khumi kumbuyo, osayandikira, osatsalira, ulendo wonse.

Tinayenda masiku awiri ndi theka, ndipo midzi ija inali itadzaza anthu. Pachitsime cha chingwe chogwedezeka chija amayi ena anatipatsa madzi nkutichenjeza.

"Muyende mosamala, adutsa dzana m'mawa. Chimunthu chachitali, chimfuti kumsana."

Ambulera inali idakali kumsana kwanga. Pamudzi wotsatira mota zinali zitakhala zitatu. Pamene tinkayandikira mlatho zinali zisanu, ndipo bambo wina analumbira kuti anaona mkulu wawo ali ndi mano agolide. Ndinatsegula pakamwa kuti ndikonze nkhaniyo, dzanja lili kale pathumba la malaya. Mkazi wanga ananditsina pamkono mpaka chizindikiro chinakhala mlungu wathunthu.

"Kankhani njinga, bambo," anatero motsitsa mawu.

Ndinakankha. Masana ankawodzera, mutu wake nkugwera paphewa langa, ine nkumayenda mopendekeka kuti asadzuke. Nthawi zina mwana ankagunda m'mimba, ndipo ndinkamva kugundako m'nthiti zanga, ngati wina akugogoda pakhomo la nyumba yakutali. Fumbi linatiphimba tonse atatu mpaka tinafanana mtundu ndi msewu.

Pamalire panali chikhamu cha anthu, amtengatenga akukuwa, mbuzi zikulira m'madengu. Tinaima pamzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kufika pamutu, kenako anatilola. Titawoloka, mkazi wanga anatsika panjinga, miyendo itatupa ngati mitondo, nkukhala pansi pa mtengo wa bulugamu m'mbali mwa msewu wa ku Muloza. Anati akufuna buledi, buledi weniweni wa ufa woyera, amene sanamuone chaka chonse. Apongozi anapita kukamufuna. Pamene ankabwera naye, anatipeza tonse awiri tili m'tulo, titatsamirana, anthu akutilambalala. Mwana anabadwa patapita masiku asanu ndi anayi, wamkazi, tsidya lomwelo.