Kachipatso ka pagombe ku Costa Rica

Inu owerenga, ndisakubisireni: kukonda zotolatola kunatsala pang'ono kundiphetsera mwana wa eni kudziko lakutali. Lero ndimaseka ndikamaifotokoza nkhaniyi, koma pagombe paja sindinaseke.

Ndimagwira ntchito yolera mwana kuno ku Doha, panyumba ina ku Al Aziziya. Mwanayo ndi kamtsikana ka zaka zinayi, kolongolola, kosandisiya ngakhale ndikupita kubafa. Nyengo yotentha itafika poti ngakhale amphaka sakuyenda panja, madamu, mayi ake a mwanayo, anandiuza kuti banja lonse likukapuma ku Costa Rica, dziko la ku Central America, ndipo nanenso ndili paulendo. Anzanga omwe timakumana Lachisanu ku Al Mansoura anachita nsanje yosabisa, ine n'kumangoyenda monyang'wa.

Titafika, abale, kubiriwira kwake! Nthochi, mapapaya, chinangwa, mvula yogwa masana ngati kwathu ku Mulanje. Munthu woti wakhala zaka akungoona mchenga ndi nyumba zamagalasi, ndinatsala pang'ono kulira ndi chimwemwe. Vuto linayambira pomwepo, pakuti ndinayamba kudziyesa mwini dziko. Bambo wotiperekeza akamafotokoza za mitengo, ine ndinkangoseka chamumtima kuti awa angandiuze chiyani, ine wokulira m'mitengo ya mango.

Tsiku lina tinali pagombe la nyanja yamchere. Madamu anali m'madzi, ine ndikusewera ndi mwana pamchenga. Chapafupi panali mtengo wamthunzi wabwino, pansi pake tizipatso tobiriwira tili mbwee, tonga timagwafa tating'ono, tonunkhira bwino. Pathunthu pake anapakapo penti yofiira, koma ndinangoti ndi mtengo woti audule. Mukudziwa kwathu chipatso chogwa chokha sitifunsa munthu, timangopukuta pachitenje basi. Ndinatola tiwiri. Mwana atalirira, ndinam'patsa kamodzi kuti agwire, koma ndinamuuza adikire ndiyambe ndalawa, monga amachitira mayi aliyense.

Kanali kotsekemera, sindinama. Ndili mkati motafuna, mayi wina wogulitsa kokonati anatithamangira akukuwa m'Chisipanishi, n'kumenya dzanja la mwana, kachipatso n'kugwera uko. Ndinapsa mtima. Koma nditati nditsegule pakamwa kuti ndimuyankhe zakwathu, moto unabuka palilime mpaka kukhosi, ngati ndameza kambuzi wodzaza dzanja. Misozi ili chuchuchu, malovu akukanika kumezeka, ndinangokhala pansi.

Kuchipatala adokotala anafotokoza kuti mtengowo amautcha manzanillo, ndipo ndi wapoizoni kuyambira chipatso mpaka masamba. Ngakhale kuusa mvula pansi pake, madontho amatulutsa matuza pakhungu. Penti yofiira inali chenjezo. Ine pabedipo ndinkangoganiza kuti ntchito yatha, andikweza ndege ya ku Lilongwe. Madamu atalowa anati, "Khalas, zatha. Mwana ali bwino, iwenso uchira. Koma usadzadyenso mitengo ya anthu." Tinaseka tonse, ngakhale kwa ine kuseka kunali kowawa. Masiku otsalawo anzanga apaulendo ankamwa madzi a zipatso amitundumitundu, katswiri wa mitengo ndikungopsontha mkaka.

Ndiye inu amene mwayi wopita kumeneko udzakugwereni, pitani ndithu, dzikolo ndi lokoma ndipo anthu ake ndi ansangala. Tengani jekete yopepuka ya mvula ndi mankhwala odzola othamangitsa udzudzu, pakuti Doha amatiiwalitsa kuti zinthu zimenezi ziliko. Nsapato mukamavala m'mawa muzigwedeza kaye, mumalowa tizilombo. Musanasambe m'nyanja funsani eni dera, chifukwa malo ena madzi amakoka munthu. Za viza ndi inshuwalansi ya chipatala, onetsetsani musananyamuke. Ine bwenzi ndili m'madzi abwana akanapanda kukonzeratu.

Koma chachikulu n'chakuti, dziko likafanana ndi kwanu sindiye kuti ndi kwanu. Chipatso gulani pamsika, ndipo wokuperekezani akamalankhula tcherani khutu, ngakhale mukuona ngati mukudziwa kale.

Mkamwa mwanga munapola, ntchito ndikugwirabe. Chomwe sichinapole ndi ichi: ndikamam'sambitsa m'manja mwana wa madamu, ndimakumbukira kuti amene ndinaika poizoni m'kadzanja kameneka ndine, ndipo mayi amene anamupulumutsa sindinam'funse n'komwe dzina.