Mwendo wa mkango pa mtsuko wa ku Girisi

Ine dzina langa ndi Esnart, ndine namwino pa kakiliniki ka m'nyumba ina yosanja ku West Bay, mumzinda wa Doha. A Bakali Mtalika anali mlonda wa pakhomo lalikulu la nyumbayo. Tinadziwana tsiku lina atamva ndikukalipira mwana wanga pafoni m'Chichewa. Anadikira kuti ndimalize, kenako anati, "Mwadzuka bwanji achemwali? Muzimukalipira pang'ono mwanayo, mayi ake ali kutali."

Anali bambo wa zaka makumi asanu, wochokera ku Dedza. Kwa zaka khumi ndi zinayi ankajambula nkhanga, milambe ndi amayi osenza mitolo pa makapu ndi mbale zadothi, pa fakitale ina yaing'ono ya kwawoko. Fakitaleyo itatsekedwa anayamba kulemba zikwangwani za magolosale, koma anthu anatengeka ndi zosindikiza pa kompyuta. Mu 2019 anasaina kontirakiti ya ulonda n'kubwera ku Doha.

M'chaka chawo chachitatu, mwini nyumbayo anagula mtsuko wakale wa ku Girisi n'kuuika m'bokosi lagalasi patsinde pa chipilala, pakati pa malo ofikira alendo. Unali wa zogwirira ziwiri, dothi lake lofiira, zojambulapo zakuda bii. Panali mwamuna wandevu atapana mkango pakhosi ndi mikono yake, kumbuyo kwake kutaima mkazi wa chisoti chankhondo, mkondo uli m'manja. Kapepala ka pansi kankati mtsukowo wadutsa zaka 2,500, ndiponso kuti m'nthano za Agiriki mkango umenewo sunkalasika ndi muvi, n'chifukwa chake munthuyo anachita kuupotokola. Mkaziyo akuti anali mulungu wawo wamkazi.

A Bakali anawaika kuti azilondera pomwepo, shifiti ya maola khumi ndi awiri. Alonda ena akanangotopa nawo mtsukowo, koma iwo ankaupenda tsiku ndi tsiku.

"Taonani mizere ya minofu iyi," anandiuza m'mawa wina ndikudikira lifiti. "Si ya burashi ayi. Anapaka chakuda kaye, kenako n'kukanda ndi chosongoka ngati singano mpaka dothi lapansi lionekere. Ukalakwitsa, palibe kufufuta. Munthu ameneyu dzanja lake silinkanjenjemera."

Anagula kakope n'kumakopera zojambulazo pakakhala palibe alendo. Patapita miyezi inayi anandiitana, nkhope itagwa.

"Achemwali, mwendo wakumbuyo wa mkangowu si wa mwini wake."

"Mukutanthauza chiyani, achimwene?"

"Kwina konseku mizere ndi yokanda. Koma kuyambira m'chiuno mpaka kumchira, wina anachita kulemba ndi utoto wofiira pamwamba pa chakuda kuti zioneke ngati zokanda. Ndakopera kasanu, dzanja langa likumakana pomwepo. Panali chiboo apa, wina anamata."

Anali atauza kale supavaiza wawo, a Faruku, amene anangowayankha kuti, "Khalas, basi, ntchito yanu ndi khomo." Iwo anafuna kuisiya nkhaniyo. Ndine ndinawaumiriza. Ndinamva kuti kukubwera katswiri wochokera ku Ulaya kudzayendera zinthu zakale za bwana mwini nyumbayo, ndiye ndinati, "Mumuuze. Munthu wophunzira amalemekeza wodziwa mnzake. Mwina mpaka angakuchotseni pakhomopa."

Katswiriyo anali mayi wa tsitsi laimvi. Atafika pabokosipo, a Bakali anapepesa kaye, kenako anamuonetsa kakope kaja. Mayiyo anavala magalasi, anayang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa kumene anaphunzira zimenezi. Iwo anati ku Dedza. Mawa lake mayiyo anabwera ndi tochi ya kuwala kwa mtundu wina, anatsegula bokosi, n'kuunika. Chigamba chonse chinaonekera, chachikulu ngati chikhatho. Anawagwira chanza a Bakali pamaso pa anthu.

Masana amenewo anakwera kukiliniki kwathu kudzandiuza, akuseka ngati mwana. Sindinawaonepo choncho.

Patangotha sabata imodzi mtsuko unachotsedwa kuti ubwezedwe kwa amene anaugulitsa. Bwana anapsa mtima, chifukwa anali atauonetsa kwa alendo ambiri olemekezeka, tsono zinamveka kuti amene anaona chinyengocho ndi mlonda wake. Akuofesi anafunsa kampani ya alonda kuti zinatheka bwanji. Kampaniyo inatsegula makamera n'kupeza a Bakali akujambula pa nthawi ya ntchito masiku ambirimbiri, ndiponso akulankhula ndi mlendo popanda chilolezo. Anawasainitsa kalata ya chenjezo, kakope kaja anawalanda.

Lipoti la katswiri ndinaliona kwa mnzanga wa kuofesi. Linafotokoza bwino za mizere yokanda ndi yolemba, pafupifupi m'mawu omwe ndinawamva ndikudikira lifiti. Linati chigambacho chinadziwika poyendera mwachizolowezi. Dzina la a Bakali munalibe.

Anawasamutsira kunja kwa mzinda, pa geti la malo osungira mapaipi a simenti. Kunali kakontena kamodzi, fumbi ndi malole. Unali mwezi wa Juni.

Tinakumana Lachisanu lina pa kamalo ka tiyi ku Al Nasr. Anali atada, maso ali psuu. Ndinawauza kuti ndalembera katswiri uja kawiri, sanayankhe.

"Musavutike," anatero. "Dzuwa ndilizolowera. Chimene chikundiwawa n'choti sindinauone mbali inayo. Kapepala kaja kankati kumbuyo kwake kunali anthu atatu ndi kavalo, koma anautembenuzira kuchipilala. Ndinkati ndikamaliza mkango ndipemphe autembenuze."

"Mundikhululukire, achimwene. Ndine ndinakukankhani."

Anatakasa tiyi wawo osandiyang'ana.

"Inu munanena zimene zimachitika kwa anthu a mapepala ngati inu. Ine ndinaiwala kuti ndavala yunifomu."

Anapirira pa getipo chaka ndi miyezi iwiri. Maso anayamba kuvuta, shuga nayenso anapezeka, ndipo kontirakiti itatha kampani sinawonjezere. Ananyamuka kubwerera ku Dedza osatsanzika. Ndinamva kwa mlonda wina patapita masiku atatu.

Mwana wawo wamkulu, Raihana, ndi amene amandiyankha pafoni. Akuti bambo ake akulima mbatatesi ndi anyezi, ndipo za ku Doha sazitchula, ngakhale alendo afunse. Ine ndawatumizira mauthenga anayi chichokereni. Foni imaonetsa kuti anawerenga onse.