Nyongolotsi ya Labala

Loweruka lapitali, ndikusesa m'galaja ya nyumba yomwe tikuchita lendi ku Bentley, kuno kunja kwa dziko, ndinapeza kapaketi ka nyambo zapulasitiki komwe anasiya eni ake akale. Nditangotsegula, fungo la labala losakanikirana ndi adyo linandibwezera kudamu la pa esiteti ya tiyi ku Thyolo, ndili kamtsikana.

Inali nyengo imene mitengo imaphuka masamba ofiira, pomwe nsomba za mtundu wotchedwa basi zimabwera m'mphepete kudzaikira mazira. Bambo anga anandilozera imodzi yaikulu, ili phee kulondera chisa chake. Anakoleka nyongolotsi yofewa yalabala kumbedza n'kundipatsa ndodo.

"Usapupulume," ananong'ona. "Ilibe njala imeneyo. Iluma chifukwa cha ukali."

Ndinaponya, n'kumakoka pang'onopang'ono. Mwadzidzidzi chingwe chinakungika, ndodo n'kupindika. Ndinaterereka m'matope mpaka madzi ozizira anandifika m'maondo. Kutsogoloko kunali kwakuya, ndipo kusambira sindinkadziwa.

"Ababa, landirani! Indigwetsa!"

Sanalandire. Analowa m'madzimo ndi nsapato zawo zantchito zomwe, n'kundigwira m'chiuno.

"Nsombayo ndi yako, mwanawe. Iwe gwira ndodo, ine ndagwira iwe."

Ndinakoka uku ndikulira, mikono ikuwotcha. Kenako nsomba inavuuka, yobiriwira, kukamwa kuli yasa, n'kutiwaza madzi kumaso. Bambo anaseka mokweza mpaka amayi othyola tiyi kumtunda anaweramuka, madengu ali kumsana, n'kuyamba kululutira.