Njati ya pa Chitseko cha Lole

Sukulu ya ku mishoni ku Nambuma ndinaisiya nditatopa ndi kulima munda wa aphunzitsi. Amalume, posafuna kundiona ndikungokhala, ananditengera ku Namitete kwa Mmwenye wina wogula mtedza. Iyeyo anali atangogula lole yakale ya asilikali nkhondo itatha, ndipo ankafuna munthu woitsuka. Woyendetsa anali a Filipo, amene anabwerako kunkhondoko khutu limodzi litagontha. Sanandifunse ngakhale dzina.

Loleyo inali ndi vuto. Pa zitseko zonse ziwiri panamatidwa chithunzi cha mutu wa njati, ndipo kutsogolo kunali kachitsulo ka njati yomweyo. Malole oterewa ndi amene ankatenga anyamata m'midzi kupita nawo kunkhondo. Yathuyi ikangotulukira, amuna ankathawira kudambo. Nanga mtedza ugula kwa yani? Mmwenye anati ndichotse njatizo, ndipo anthu akathawanso ndibwerere kwathu.

Kachitsulo ndinakamasula ndi sipanala. Pa zithunzi ndinasolola mpeni, koma a Filipo anandigwira mkono.

“Ukanda penti, iwe. Kadule nsungwi.”

Anandionetsa kachitidwe kake. Umaviika chiguduli m'madzi otentha n'kuchikanikiza pa chithunzi mpaka chifewe, kenako umalowetsa kansungwi kosongola pangodya n'kumatukula pang'onopang'ono. Ukakoka, chimang'ambika. Pansi pake panatsala guluu wakuda, womata ngati ulimbo. Sopo anangomufalitsa. Palafini ndiye anamugonjetsa: umadontheza, umadikira, n'kumapukuta ndi chala mpaka guluuyo akulungike timibulu ngati litsiro la pakhosi. Ndinakhala nthawi ndikupotokola timibuluto, ndikudabwa kuti kanthu kofewa chotere kanapirira bwanji mvula ya nkhondo yonse.

Chitseko chitauma, njati inali pomwepo. Dzuwa linali litasulutsa penti ya lole yonse, kupatula pomwe chithunzi chinaphimba. Mutu ndi nyanga zinkaoneka zobiriwira biriwiri, ngati penti yadzulo. Ndinapukutanso mpaka mkono unawawa, koma panalibe choti ndichotse. Penti inanso panalibe. Mmwenye anayang'ana n'kunena kuti tikaona kwa Kabudula.

Tinafika kwa Kabudula dzuwa litakwera. Pamalo ogulira tinapeza madengu a mtedza okhaokha, eni ake kulibe. Panatsala mayi mmodzi wachikulire amene sakanatha kuthamanga. Ndinawauza kuti loleyi si ya asilikalinso. Analoza chitseko ndi ndodo yawo.

“Mwaivula malaya, koma ndi yomweyo. Inanditengera Yohane wanga.”

Mmwenye anayang'ana ine, ndipo ndinadziwa kuti ulendo wa kwathu wayandikira. Mtima unandipsa. Ndinatsikira m'ngalande, n'kutapa matope ofiira manja onse awiri, n'kuwaponya pa chitsekocho. Sindinganame kuti inali nzeru. Ndinkangofuna kumenya chinachake. Koma a Filipo anatapanso awo n'kuyamba kuzira bwinobwino monga mmene amazirira khonde, zitseko zonse ziwiri.

Mayi aja anayang'ana zitsekozo, kenako anatuma kamtsikana kudambo. Amuna anabwera mmodzimmodzi, aliyense akuyenda chapatali ndi chitseko. Madzulo lole inadzaza.

Chimene ndinatolapo n'chakuti usanamatule chinthu pa galimoto, uziganiza za chimene dzuwa lasiya pansi pake. Ntchito sinandithere. Koma anandilemba kuti ndizitsuka lole, ndipo nyengo yonse ya mtedza ndinkadzuka m'mawa kuimata matope.