Dziko Loyeza ndi Zala

Tswii-tswii. Umu ndi mmene galimoto ya amalume inkalirira akaikhoma. Kwathu ku Kanyama, komboni ya mu Lusaka, ankaikhoma kawiri, kenako n'kukoka chitseko kuti atsimikize, ngati kuti sanakulire m'nyumba yomweyo imene anaimika galimoto pakhomo pake.

Chaka chimenecho anabwera Loweruka lililonse kwa masabata atatu, zomwe zinali zisanachitikepo. Anati masukulu akatseka mu Disembala atenga banja lonse kukaona Zambia. Ine anandifuna chifukwa ndinkakweza katundu pa siteshoni ya mabasi opita kutali, ndipo misewu ndinkaidziwira pakamwa pa madalaivala, ngakhale ndinali ndisanapitirirepo Chongwe, pafupi ndi Lusaka pomwepa.

Ndinali ndi cholinga changa. Amayi anamwalira ndili wakhanda, ndipo anaikidwa kumudzi, kupitirira Petauke. Pamanda pawo palibe mwala. Amene ankadziwa malo enieni anali ambuya okha, omwe anabereka amayi ndi amalumewo, omwenso anandilera. Ng'ala inali itatseka kale diso lawo lamanzere, ndipo lamanja linkatsatira. Basi imasiya munthu pa tala, ndipo mtunda wotsalawo miyendo yawo yotupa sikanaukwanitsa. Panafunika galimoto, chaka chomwecho.

Loweruka loyamba amalume anatsitsa pakhoma kalendala yakale yokhala ndi mapu, n'kuiyala patebulo. Akazi awo anakhala m'mphepete mwa mpando atakumbatira chikwama. Anayamba kuyeza dziko ndi zala. Lusaka mpaka Livingstone zala zinayi. Livingstone mpaka Mpulungu chikhatho ndi theka, ndiye kuti tsiku limodzi ngati tadzuka m'mamawa. Ndinawauza kuti madalaivala amagona panjira. Amalume anati madalaivala amachedwa ndi kudya soseji m'tauni iliyonse. Ankafuna mathithi, njovu za ku Kafue, migodi ya ku Kitwe ndi nsomba za ku Tanganyika, zonse m'masiku khumi. Akazi awo ankangofuna malo amene anzawo a kuntchito sanajambulitsepo. Ana awo sindidziwa zimene ankafuna, poti sankatsika m'galimoto.

Loweruka lachiwiri ndinalowetsa mochenjera chigawo cha Kummawa, kumene kuli mudzi wathu. Za manda sindinayambe nazo. Ndinayamba ndi mikango ya ku Luangwa, ndipo maso awo atawala ndinati kumudzi kuli panjira pomwepo, theka la tsiku basi. Amalume anayeza, napeza kuti n'chala chimodzi.

"Amama, tizapita kumudzi," anatero mokweza, ngati olankhula ndi gonthi.

Sabata imeneyo ambuya anayamba kupita okha kumpope m'mawa uliwonse kuti miyendo izolowere. Ndinkawamva akubwereza njira chapansipansi: kudutsa chulu, kusiya mtengo wa mfula kumanja, mzere wachitatu. Ndinailemba papepala, koma iwo anati mitengo imagwa, ayenera kukaponda okha.

Loweruka lachitatu mvula inali itagwa usiku wonse ndipo Kanyama anali m'madzi, monga chaka chilichonse. Amalume anasiya galimoto kumsewu waukulu, nabwera akudumpha pamiyala imene timaika panjira. Nsapato imodzi inalowa m'matope. Mpaka lero ndimakhulupirira kuti ulendo wa Kummawa unafera mu nsapato imeneyo. Akazi awo anati mnzawo wawauza kuti misewu ya kumidzi siyendeka dzinja, komanso ana sangayambe holide ndi manda, angalote zoipa. Anati ambuya apitabe ku Livingstone, kuti azikasunga mwana wamng'ono ena akakwera boti. Malo anga anali atapatsidwa kale kwa bokosi loziziritsira zakumwa.

Sindine wolankhula, koma tsiku limenelo ndinalankhula.

"Amalume, diso la ambuya silidikira chaka chamawa. Ndi mlongo wanu ali kumeneko."

"Iwe, dziko iyi ni ikulu," anatero. "Sitingafike konsekonse."

Pomaliza anali atadziwa kukula kwa Zambia. Masabata atatu ndinalephera kuwaphunzitsa zimenezi.

Ambuya anapinda kalendala ija pang'onopang'ono, n'kunena kuti miyendo yawo singathe Livingstone. Amalume anawaumiriza kamodzi kokha, mofewa, mmene munthu amaitanira mlendo ku chakudya chochepa. Akazi awo anali ataimirira kale.

Ndinawaperekeza mpaka pamene madzi anayambira. Pamenepo amalume anapisa m'thumba la jekete, natulutsa foni yakale yosweka galasi.

"Kamera yake ikali bwino," anatero. "Ukapeza munthu oyenda kumudzi, umupatse ajambule manda yonse. Amama azasankha pa foni."

Anaiika m'dzanja langa, napinda thalauzi mpaka m'mawondo, n'kuyamba kudumpha pamiyala kupita kumsewu.