Tsiku Limene Zaka Zongoganizira Zinaonekera pa Khoma

Ine ndine mmodzi mwa akatswiri a ziwerengero amene dziko lino limadalira. Kunena zoona, koleji ndinaithawa chaka chachiwiri, ndipo ntchito yanga ndi yoyenda m'midzi ndi tabuleti kufunsa anthu zaka zawo. Ku msonkhano wa akatswiri pamwamba pa phiri la Zomba ndinaitanidwa kuti ndikanyamule pulojekita ya bwana wanga, a Mbewe, amene kontirakiti yanga yatsopano inali kudikira siginecha yawo.

Ndinafika pa siteji ya Songani sikisi koloko. Minibasi inadikira anthu ola lathunthu, ine ndikungotsika ndi kukweranso. Kondakitala anati ngati ndili ndi changu ndigule mipando yonse. Ndinagula umodzi, K1,500. M'tauni ndinakwera njinga yamoto ya K5,000, pulojekita nditabereka ngati mwana. Pa damu la Mulunguzi wakabaza anaima kuti injini ipume. Ndinauyamba wapansi, anandipeza kutsogolo.

Cha m'ma leveni mayi wina waimvi, katswiri wochokera ku Lilongwe, anaonetsa chithunzi pakhoma. Anati m'mudzi wina achikulire onse ali ndi zaka zothera ndi ziro kapena faifi, ngati anabadwa mopangana. Holo yonse inaseka. Mudziwo ndinauzindikira. Munthu akati sadziwa zaka zake, ine ndimamuyang'ana kumaso n'kumupatsa sikisite.

A Mbewe anatembenuka kundiyang'ana. Ndinapita kuchimbudzi katatu.

Nthawi ya tiyi ndinawatsata mayiwo, samosa ili m'manja, n'kuulula.

"Ndiye ndinu munakalambitsa mudzi wonse tsiku limodzi?"

"Ena ndinawachepetserako, mayi."

Sanaseke. Anati ndizifunsa zimene munthu akukumbukira, kaya njala ya fote naini inamupeza atabadwa, kaya ufulu unabwera ali kumsana kapena ali pasukulu. Zikakanika, ndizilemba kuti sakudziwa, chifukwa nalonso ndi yankho. Kenako anauza a Mbewe kuti wovomera yekha asamutaye, poti anzake ena pantchitoyi amaphika manambala n'kukhala chete.

A Mbewe anati adzasaina ndikabwereza mudzi wonse, khomo ndi khomo, popanda alawansi. Ndinathokoza ngati munthu amene wakwezedwa pantchito.

Folo koloko ndinatsika phiri wapansi, ndikuyeseza mafunso atsopano pa mayi wogulitsa sitiroberi, amene anati ndigule kaye. Maphunziro onsewa, kuphatikiza sitiroberi ndi minibasi yobwerera, anandidyera K9,000.